Sabata Imene Tisdale Sanasewere

Struthers, Ohio
28 Ogasiti 1995

Kwa Gordon, mwana wanga,

Moni, Aphunzitsi. Uli bwanji ku Korea kumeneko? Ukudya, kapena ukungowerenga mabuku? Kuno tili bwino. Mlongo wako Darlene akuti ndikuuze kuti tomato wa kuseri kwa nyumba wabereka mopusa chaka chino, moti owapatsa akusowa.

Loweruka tinali ku Erie kwa amalume ako a Vince, kukasankha osewera a ligi yathu ya papepala ya mpira wa Chiamerika. Chino ndi chaka chakhumi ndi chiwiri. Anandiyendetsa ndi Darlene, ndipo atationa titazungulira tebulo anati, "Amuna asanu ndi awiri a imvi zawo, kulimbirana anyamata a pa kanema amene sadziwa n'komwe kuti muli moyo!" Vince anati, "Iwe mwana, bweretsa mowa. Nkhani za boma usalowerere."

Timu yako ya Choko ndakusankhira motsata pepala unatumiza lija. Sindinasinthe dzina ngakhale limodzi, chonsecho ambiri mwa iwo ndi ana a dzulodzuloli.

Timu yanga ya Ng'anjo ndayamba ndi Elroy Tisdale, monga mwa masiku onse. Onse anafa nacho chiseko. Mnzathu Rudy Sabol anati, "Emil, munthu ameneyu mawondo ake amalira ngati chitseko cha tchalitchi." Ndinati, "Chitseko cha tchalitchi chimatsekukabe Lamulungu lililonse, ndiwe amene sulowako." Tisdale wandinyamulira mpira zaka zisanu ndi zinayi. Amathamangira pakati penipeni, pamene pali zimphona, za kuzembera m'mbali sazidziwa. Ndagwira ntchito pa ng'anjo ya zitsulo zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo munthu wotere ndimamuzindikira ndi kayendedwe kokha.

Vince akuti ndikukumbutse malamulo. Mndandanda wa osewera amene ukuwalowetsa sabata imeneyo uzifika kwa iye Loweruka lisanathe, papepala, za pafoni ayi. Kalata ikapanda kufika, mndandanda wa sabata yatha ndi umene ulowe. Iwe poti uli kutali uzitumiziratu masabata awiri. Choko ndi Ng'anjo zikumana sabata yachisanu ndi chimodzi. Konzekeratu misozi.

Ntchito yauphunzitsi imeneyo uigwire ndi manja awiri. Zaka ziwiri zimene unakhala pa mpando wanga uja ukusaka ntchito m'nyuzipepala zinakwana. Usabwere mgwirizano wako usanathe mu Febuluwale, ngakhale utamva kuti nyumba yapsa.

Ndine bambo ako,
Emil Petrash


Taegu, Korea
10 Seputembala 1995

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achemwali. Kalata yanu yatha masiku khumi ndi limodzi panjira. Ine ndili bwino, ndikudya, ndipo kabichi wawo wa tsabola uja ndayamba kumuzolowera, ngakhale ndimalotabe ma pierogi, tizitumbuwa ta mbatata tija amaphika achemwali. Ana anga a masamu ndi akhama kwambiri moti nthawi zina amanyazi ndimakhala ine. Foni ili mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu mokha, ndipo ndi makutu anu a ku ng'anjowo sitingamvane, ndiye tipirire ndi makalata.

Tsopano za Tisdale. Ndikudziwa kuti mwayamba kale kupukusa mutu, koma mundimvereko ngati mmene mumamvera wansembe, ngakhale theka lokha.

Ligi yathu siiwerenga mtima wa munthu. Amalume akatsegula nyuzipepala Lolemba m'mawa amayang'ana zinthu ziwiri basi: mayadi amene wosewera wathamanga ndi mpira pa masewera enieni, ndi zigoli zake. Mayadi khumi, pointi imodzi. Chigoli, mapointi asanu ndi imodzi. Zaka zitatu zapitazo Tisdale akapatsidwa mpira ankapita mayadi anayi ndi theka asanagwetsedwe. Chaka chotsatira, anayi. Chaka chatha, atatu okha. Ndajambula mzere wake pa pepala la masamu ndipo ndaliika mu envelopu momwemu. Muuone mmene ukutsetserekera.

Chifukwa chake si ulesi ayi. Wonyamula mpira amagundidwa maulendo makumi awiri pa masewera amodzi, ndi anthu olemera ngati firiji. Thupi limasunga zonsezo. Akafika zaka makumi atatu, maso amauonabe mpata pakati pa adani, koma miyendo imafika mpatawo utatsekeka. Tisdale ali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Kumbuyo kwake kuli mnyamata uja Jamal Whitlow, ndipo mphunzitsi wa timu yawo wayamba kumupatsa mpira akayandikira chigoli, pamene pali mapointi.

Whitlow ali mu timu yanga. Ndikupatsani, inu mundipatse aliyense amene simukumufuna. Sindikufuna kugonjetsa munthu amene wabwera ndi nkhwangwa yobuntha.

Sindinaiwale kuti chaka chimene amayi anatisiya, amene ankakutulutsani m'chipinda Lamulungu lililonse anali Tisdale. Ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezo. Koma zimenezo zinali mu 1986.

Mundiyankhe msanga, ngakhale kukhale kunditukwana. Bondo lanu likuti bwanji? Mankhwala a kuthamanga kwa magazi aja mukumwa?

Ndine mwana wanu,
Gordon


Struthers, Ohio
21 Seputembala 1995

Okondedwa amalume a Vince,

Moni. Pafoni paja ndinangolira, simunamve kanthu, ndiye ndilembe.

Bambo anagwa Lachinayi lathali, pa 14, m'munda mwa tomato. Ndinawapeza nditabwera kuchokera kuntchito, dengu lili pambali. Adokotala akuti ndi sitiroko. Mbali yonse ya kumanja yafa, dzanja ndi mwendo womwe. Nzeru zili bwinobwino, akumva chilichonse, koma mawu akutuluka ngati munthu wadzaza phala mkamwa. Namwino wina wawapatsa kabolodi ndi choko, ndiye akulemba ndi dzanja lamanzere, zilembo zikuluzikulu ngati mwana woyamba sukulu.

Mukudziwa mawu oyamba amene analemba? Sanalembe "madzi," sanalembe dzina langa. Analemba "GORDON AYI."

Ndinati, "Bambo, ndi mwana wanu. Akamva kwa anthu ena adzandida moyo wake wonse."

Anagogoda kabolodiko ndi choko mpaka choko chinathyoka.

Ndinati, "Chabwino, timuuze pang'ono chabe."

Anafufuta ndi chigongono n'kulemba "NTCHITO." Mukumudziwa Gordon, amalume. Akangomva, mawa lake akwera ndege, ndipo sukulu ija siidzamulandiranso. Bambo anandigwira dzanja osalisiya mpaka ndinalumbira. Akuti nanunso mulumbire, ndi a Rudy, ndi onse a pa tebulo lanu lija. Mpaka Febuluwale.

Tsopano za ligi yanuyo. Ine za masewera anu sindizidziwa, ndipo nthawi yophunzira ndilibe. Koma mukaichotsa timu ya Ng'anjo pa pepala limene mumatumiza Lachiwiri lililonse, Gordon adziwa tsiku lomwelo. Bambo akuti lamulo lanu lomwelo ligwire ntchito: kalata sizibweranso, ndiye mndandanda wawo wotsiriza uzingolowa sabata ndi sabata. Ndinawafunsa ngati akufuna kusintha dzina lililonse. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Atuluka m'chipatala sabata yamawa. Ndatsitsira bedi lawo m'chipinda chochezera, ndipo kusukulu kumene ndimaphika andilola kuti ndiziweruka masana. Achipatala anandipatsa kapepala ka nyumba ina yosungira okalamba, akuti ndiganizirepo. Bambo anakaponya pansi.

Mubwere mudzawaone, koma musadzalire pamaso pawo.

Ndine,
Darlene


Struthers, Ohio
2 Okutobala 1995

Iwe Gordon,

Moni mchimwene. Uli bwanji? Kalata yako inafika, ndi pepala lako la mizere lomwe. Ndalimata pakhoma pamene Bambo angalione.

Ndikulemba ndine chifukwa dzanja likuwavuta Bambo masiku ano. Kalatayo ndinawawerengera. Za kusinthana osewera akuti ayi. Zifukwa usandifunse, ukuwadziwa wekha.

Tomato watha. Kwayamba kuzizira. Amalume anabwera Lamulungu ndi a Rudy, anaonera mpira pamodzi ndi Bambo, ndipo ine ndinawaphikira haluski, chakudya chathu cha kabichi chija. Bambo anadya pang'ono.

Uzilemba kawirikawiri. Amadikira wamakalata pawindo. Ulembeko za ana ako a sukulu, za misewu ya kumeneko, za chilichonse. Zisamangokhala za mpira.

Jekete yofunda uli nayo, kapena ndikutumizire ya buluu ija?

Mlongo wako,
Darlene


Erie, Pennsylvania
10 Okutobala 1995

LIGI YA PAPEPALA, ZOTSATIRA ZA SABATA YACHISANU NDI CHIMODZI

Choko (Gordon) 61, Ng'anjo (Emil) 48.
Whitlow wa Choko: sanalowetsedwe, timu yawo inali pa sabata yopuma.
Tisdale wa Ng'anjo: analowetsedwa. Mapointi 0. Timu yawo inali pa sabata yopuma.
Zotsatira za matimu ena zili kuseri.

Gordon, mphwanga, moni. Wapambana, koma usavine kwambiri. Ine ndine mlembi chabe, ndimalemba zimene zafika ndi zimene sizinafike. Pepalali uliwerenge kawiri. Ndiwe mphunzitsi wa masamu, umadziwa kuti yankho likaoneka lachilendo munthu amabwerera ku funso.

Amalume ako,
Vince Kostelnik


Taegu, Korea
21 Okutobala 1995

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira dzanja lija layamba kupepuka. Ine ndili bwino. Achemwali muwauze kuti jekete ndili nayo.

Pepala la amalume lafika dzulo, ndipo ndaliwerenga kangapo. Ndikufuna ndilankhule nanu mofatsa, chifukwa mtima wanga sunakhale pansi.

Timu iliyonse imapuma sabata imodzi pa nyengo, ndipo wosewera wa timu yopuma sangabweretse pointi, chifukwa sali pabwalo. Ndinu amene munandiphunzitsa kudula ndandanda ya masabata opuma m'nyuzipepala n'kuimata pa firiji. Chaka chimene a Rudy anaiwala, munawaseka mpaka Khirisimasi. Pa zaka khumi ndi ziwiri inu simunalakwitsepo chimenechi. Ndiye si kuiwala. Mwachita dala, ndipo mwasankha sabata imene mumakumana ndi ine.

Ndaganiza njira ziwiri. Mwina munandimvera chisoni, mwana wanu uja anakhala zaka ziwiri osagwira ntchito, n'kunena kuti mulekeni apambaneko. Kapena mumafuna kundionetsa kuti Tisdale wokhala pakhomo pake ndi wabwino kuposa nzeru zanga zonse. Zonse ziwiri zandipweteka. Kalata yanga simunaiyankhe ndi dzanja lanu, ngakhale mawu awiri. Dzanja lopweteka limalephera mawu awiri?

Ndiloleni ndifotokoze kotsiriza, kenako ndisiya. Pa masewera asanu Tisdale wapeza mapointi khumi ndi anayi. Whitlow wapeza makumi asanu. Izi sizibwerera m'mbuyo, Bambo. Miyendo ikasiya kumva, siiyambiranso chifukwa choti anthu akuikonda. Munthu akatha, watha, ndipo palibe manyazi pamenepo. Manyazi ali pa kukakamira. Inu mukuyesa kuti kumusunga ndi ulemu, koma taonani amene akulipira: anzake onse a mu timu akugwira ntchito kawiri kuti anyamule katundu wa munthu mmodzi amene sangathenso kudzinyamula. Amatopa, ndipo sanena chifukwa cha ulemu womwewo. Iye akanakhala wanzeru akanaona yekha nkhope za anzakewo n'kupempha kuti achoke, anthu akadali kumukumbukira ali wamphamvu. Poti iye sakuona, oona ndinu.

Mutulutseni. Mupepukidwa, ndipo onse amene akuvutika naye apuma.

Ndalemba mwaukali pang'ono, mundikhululukire. Ndimakukondani, n'chifukwa chake sindifuna kukunyengererani ngati mwana.

Ndine mwana wanu,
Gordon


Struthers, Ohio
2 Novembala 1995

Okondedwa amalume,

Moni. Muli bwanji ndi chifuwa chanu chija? Kalata ino ndi ya ligi, ndiye muisunge m'faelo mwanu. Emil Petrash wa timu ya Ng'anjo akutulutsa Elroy Tisdale. Pamalo pake akuti muike aliyense wotsala. Pansipa asaina okha ndi dzanja lamanzere.

Tsopano ndikuuzeni mmene zafikira apa.

Kalata ya Gordon inafika Lachiwiri. Tsiku limenelo Bambo anali osangalala. Mayi wa mafizo, amene amabwera kudzawaphunzitsa kuyendanso, anali atawayendetsa mapazi anayi ndi chitsulo choyendera, kuchokera pabedi mpaka pawindo, ndipo anawauza kuti, "A Petrash, pofika Khirisimasi muvina nane polka." Bambo anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Ndinayamba kuwerenga ndisanaone zimene zili m'munsi. Nditafika pa miyendo yosiya kumva ndinatsokomola n'kudumphira kumapeto. Ndinati, "Akuti amakukondani, basi yathera pamenepa."

Anagogoda patebulo. Mapepala anali awiri, ndipo anali atawaona.

Ndinati, "Zotsalazo ndi manambala ake aja, Bambo. Mukumudziwa Aphunzitsi."

Analemba, "ZONSE."

Ndinawerenga zonse, amalume. Za anzake ogwira ntchito kawiri. Za kutopa osanena. Za kuona nkhope zawo. Nditakweza maso ndinapeza akuyang'ana nkhope yanga. Ndinali ndisanapese tsitsi, ndili ndi epuloni ya kuntchito, m'manja mukununkha sopo wochapira nsalu za pabedi pawo. Ndinati, "Akunena za mpira! Sakudziwa kanthu mwana ameneyu, mwamuletsa ndinu kudziwa!" Anayang'ana pepala la mizere lija pakhoma nthawi yaitali, kenako analemba, "TISDALE CHOTSA."

Dzulo mayi wa mafizo atabwera, Bambo anatembenukira kukhoma. Mayiyo ananyengerera, anachita nthabwala, anakalipa, osatheka. Atapita, Bambo analoza kabati. Ndinatulutsa mankhwala, anakana. Ndinatulutsa magalasi, anakana. Ankafuna kapepala kaja ka nyumba ya okalamba, kamene ndinakatola pansi kuchipatala. Sindinkadziwa kuti anandiona ndikukasunga.

Ndinati, "Simupita kulikonse. Ndani wadandaula? Ine ndadandaula?"

Analemba, "SUNENA."

Ndalira, ndakuwa, ndawaitanira wansembe. Bambo akuti asamukira kumeneko Lolemba. Ndithandizeni, amalume, mwina inu angakumvereni.

Darlene


Struthers, Ohio
9 Novembala 1995

Gordon,

Moni. Khala pansi usanapitirize.

Ndikuphwanya lumbiro. Bambo anachita sitiroko pa 14 Seputembala. Mbali ya kumanja inafa ndipo salankhula zomveka. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze mpaka Febuluwale, kuopa kuti usiya ntchito. Kuyambira tsiku limenelo sanatumizepo mndandanda uliwonse kwa amalume. Tisdale ankalowa yekha, mwa lamulo lanu lija. Sabata yopuma ija panalibe chisoni, panalibe chipongwe. Panali munthu amene amaphunzira kugwira supuni.

Kalata yako ya pa 21 ndinawawerengera yonse chifukwa anandikakamiza. Anaimva ngati ikunena za iwo. Sindikukuimba mlandu, sunadziwe. Kunena zoona, masiku ena ndimakuimba mlandu, kenako ndimadziimba ndekha, kenako iwo.

Lolemba anasamukira ku nyumba ya okalamba ya kutsidya kwa mtsinje, mwa kufuna kwawo. Amalume anabwera kudzawaletsa, sanawamvere. Mafizo anasiya. Chakudya akukankha. Kuyambira dzulo chifuwa chikulira, ndipo namwino akuopa chibayo.

Ndinaimba foni kusukulu kwanu kawiri. Amene anayankha sitinamvane chilankhulo, ndipo ulendo wachiwiri ndinadula ndekha, chifukwa sindinadziwe kuti ndiyambira pati.

Za ntchito uganize wekha. Ine ndikungoti bwera. Ndiwe wekha amene ungawauze kuti sunkanena iwo.

Darlene


Taegu, Korea
17 Novembala 1995

Okondedwa Bambo,

Moni wa chimwemwe! Muli bwanji nonse? Pepala la amalume lafika lero, ndipo ndaona mzere umene sindinkayembekeza kuuona ndili moyo: "Ng'anjo yatulutsa Tisdale." Ndinakuwa mu ofesi ya aphunzitsi mpaka anzanga anandifunsa ngati kwathu kwabadwa mwana.

Ndikudziwa kuti sizinali zapafupi. Koma mwachita mwanzeru, ndipo muona mmene timu ipepukire. Masabata atsala okwanira kuti mukwere. Whitlow uja ndikupatsanibe ngati mukumufuna.

Ndinkaopa kuti kalata ija inakukwiyitsani. Tsopano ndaona kuti munaimvetsa bwino lomwe.

Kuno masamba agwa ndipo m'misewu akugulitsa mbatata zootcha. Febuluwale sali patali. Mundisungire mpando wanga pa kanema.

Ndine mwana wanu wonyadira,
Gordon


Struthers, Ohio
6 Disembala 1995

Okondedwa amalume a Vince,

Ndikhulupirira munayenda bwino pobwerera ku Erie. Zikomo chifukwa chonyamula nawo bokosi, ndi chifuwa chanucho. Pamaliro munandifunsa ngati ndinapeza mpata wolankhula ndi Bambo, ndipo ndinangogwedeza mutu. Panali anthu. Ndikuyankheni tsopano.

Kalata ya achemwali inandipeza Lolemba pa 20. Ndinapita kwa mphunzitsi wamkulu, ndinamuuza, ndinasiya makiyi a kalasi patebulo pake. Ndinafika kuno Lachinayi, tsiku la chikondwerero cha Chithokozo, anthu onse ali m'nyumba zawo kudya nkhukundembo. Achemwali anandilandira pabwalo la ndege. M'galimoto anangoti, "Wawonda," ine ndinati, "Inunso," ndipo tinalunjika ku nyumba ya okalamba ija kutsidya kwa mtsinje.

Bambo atandiona anatseka maso. Atatsegula anafuna kabolodi, n'kulemba, "NTCHITO?" Ndinanama kuti andipatsa tchuthi. Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndili mwana ndikanena kuti homuweki ndamaliza.

Munandilembera kuti pepala lija ndiliwerenge kawiri. Ndinaliwerenga kasanu, amalume. Munthu aliyense wa ligi akaona wosewera wopuma ali pamndandanda amadziwa tanthauzo lake: mwini timu kulibe, china chake chamuchitikira. A Rudy chaka chimene anaiwala chija, mkazi wawo anali m'chipatala, ndipo tinadziwa pambuyo pake. Ndinali nazo zonse m'manja: dzanja lovuta, kalata zosabwera, mndandanda wosasintha masabata anayi. Ana anga ndimawauza tsiku ndi tsiku kuti asayambe ndi yankho limene akulifuna. Ine ndinayamba ndi yankho lakuti Bambo akulimbana nane, chifukwa ndilo ndinalizolowera.

Masiku awiri oyamba anali ndi malungo a chibayo, akungogona. Lamulungu masana anatsitsimuka. Namwino anawakweza ndi mapilo, ine ndinayatsa kanema, ndipo inali timu ya Tisdale. Ndinapemphera ngati mwana kuti munthuyo achite chodabwitsa, athamange mayadi makumi asanu, kuti ndiwauze Bambo kuti taonani, ndinalakwa. Anapatsidwa mpira kawiri masewera onse. Koyamba anapita mayadi awiri. Kachiwiri yadi imodzi, ndipo anachedwa kudzuka, mpaka mnzake anamukoka dzanja. Whitlow anagoletsa kawiri.

Ndinazimitsa kanema n'kukokera mpando pafupi ndi khutu lawo labwino.

Ndinati, "Bambo, kalata ija ndinkanena za Tisdale. Za inu sindinkadziwa."

Anagwedeza mutu kuti akudziwa.

Ndinati, "Ndiye tiyeni kunyumba. Ndabwera, tikhala awiri ndi achemwali, wotopa palibe. Mapazi anayi aja tiwafikitsa khumi. Munthu si wosewera wa papepala. Ligi imawerenga mayadi chifukwa ndi zokhazo zimene nyuzipepala imasindikiza, koma pakhomo sitiwerenga choncho."

Ndinafotokoza nthawi yaitali, mukundidziwa. Anandilola mpaka ndinamaliza, zimene sanachitepo. Kenako anatambasula dzanja kufuna choko. Ndinawagwirira kabolodi. Chilembo chilichonse chinkawatengera mpweya, ndipo kawiri choko chinagwa pa bulangeti. Analemba mawu awiri: "UNKANENA ZOONA."

Ndinati, "Ayi, Bambo. Ayi." Ndinafuna kufufuta, koma anaika chikhatho chawo pamwamba pake. Kenako anandisisita pamutu ndi dzanja lomwelo, choko chili m'zala, ndipo anagona. Lolemba sanadzuke bwino. Lachiwiri masana anatisiya, achemwali atawagwira dzanja lamanzere, ine lamanja, limene silinkamva.

Mawa lake wamakalata anabweretsa kalata yanga ya pa 17, ija ndinalemba ndikusangalala. Achemwali anaizindikira ndi sitampa. Anandipatsa osatsegula, n'kunena kuti, "Iyi sindiwerengera munthu."

Ndikhala kuno kaye. Achemwali akufunika kugona mwezi wathunthu, ndipo m'munda muja mitengo ya tomato ikadali chiimire.

Ndili ndi funso limodzi, amalume, ndipo mundiyankhe moona. Inu munakhala nawo zaka makumi anayi, kuntchito, kumowa, ndi patebulo la ligi. Munawamvapo Bambo akuvomera kuti munthu wina wanena zoona? Kwa ine kanali koyamba.

Ndine mphwanu,
Gordon